Agwape Odya Madeya

Tsiku limene Orlanda, mwana wa a Belmira, anabwera kuchokera ku Norway, Thambani yense anadziwa dzuwa lisanapendeke. Paja anatsika mu pikiapu pamsika penipeni, atavala nsapato zikuluzikulu ngati za msilikali, ndiye amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda n'kumangomuyang'ana. Wina anati wabwera ndi mzungu. Wina anati ayi, mzunguyo akubwera pambuyo ndi katundu. Mzunguyo mpaka lero sanafike. Chimene Orlanda anatsitsa m'galimotomo ndi chikwama cha kumsana, mtolo wa zikhomo zachitsulo ndi zingwe zofiira zambirimbiri.

Orlandayu ndi uja anaphunzira sukulu mpaka sukuluyo inatha. Ntchito yake ndi yowerenga nyama zakutchire. Osati kuzipha, osati kuziweta, kungowerenga basi. Kumene anali kuja akuti kuli nyama zonga mphalapala, za nyanga zanthambinthambi ngati mtengo wouma, ndipo zimadya ndere zimene zimafukula pansi pa chipale chofewa. Ndiye akuti masiku ano kukumafunda nthawi yolakwika, mvula n'kugwa pamwamba pa chipalecho, kenako kukazizira zonse n'kuuma gwa ngati simenti. Nyama zija zipalase ndi ziboda, zipalasenso, osaboola. Chakudya zikuchimva fungo pansi pomwepo koma zikufa ndi njala. Orlanda ankayenda m'chisanu chimenecho kuwerenga zamoyo ndi zakufa.

Atafotokoza zimenezi pakhonde, bambo ake a Osorio anagwira pakamwa.

"Ndiye zakufazo mumangozisiya pomwepo? Ndiwo zonsezo?"

"Timangolemba, ababa."

"Epa! Dziko lopanda mphika limenelo."

A Belmira sanaseke. Ankangosenda mtedza, chifukwa panali funso limodzi limene ankalisunga chitsikire mwana wawo m'galimoto. Iwo anawoloka malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ali mtsikana, opanda ngakhale supuni, ndipo ana amene Mulungu anawapatsa ndi awiri okha. Wamkulu, Tomas, anapita ku Joni ndipo amamveka pa Khirisimasi pokha. Orlanda naye anakhalitsa kunja moti maliro a malume ake anaonera pafoni. Ndiye a Belmira anataya makoko pansi n'kufunsa.

"Filha, mwana wanga, ndiye wabwereratu?"

"Zitengera agwape, amama."

"Agwape akukhudzana bwanji ndi ine?"

"A ku yunivesite andituma kuti ndidzaone ngati agwape ndi mbawala za m'phiri lathuli nazonso zikuvutika ndi nyengoyi. Mwaona mvula ikumachedwa, mtsinje ukumaphwa msanga. Akapezeka okwanira, andilola kukhala kuno zaka zingapo ndiziwatsatira. Akapanda kupezeka ndiye palibe chowerenga, ndibwerera kuchisanu."

A Belmira anayang'ana phiri lija. Anali atakhala m'munsi mwake zaka zonsezi osalifunsa kanthu kupatula nkhuni ndi masuku. Tsopano phiri lomwelo ndi limene linali ndi mawu pa mwana wawo.

Mmene amawerengera agwapewo ndiye ndi nkhani ina. Gwape saima kuti umuwerenge ngati mwana wa sukulu pamzere. Ukangoti phwasa pa tsamba louma wapita. Ndiye Orlanda sankawerenga agwape, ankawerenga ndowe zawo. Amasankha malo m'tchire, amakhoma zikhomo zinayi, amakulunga chingwe chofiira ngati maziko a kanyumba. M'kati mwa chingwemo amasesa ndowe zonse zakale mpaka kuti mbee. Kenako amachoka osabweranso masabata angapo. Akabwera amawerenga milu yatsopano, ndipo miluyo ndi imene imamuuza kuti agwape alipo ochuluka bwanji. Zonsezi zimayenera kutha mvula isanagwe, chifukwa mvula ikangoti yagwa ndowe zimasungunuka, zina tizilombo timakunkhuniza n'kukakwirira.

Malo oterewa anawakonza mbali ziwiri, kuseri kwa phiri kumene anthu amawotcha makala, ndi mbali ya kuno, motsata mtsinje. Tsiku lina a Belmira anamuperekeza mbali ya kumtsinjeyo atasenza mbatata yophika ndi madzi. Anaona ndi maso awo mwana wawo wophunzira uja atagwada m'tchire ndi katsache. Orlanda anawaonetsanso ndowe za gwape m'kabotolo, tating'onoting'ono, takuda, tosongoka mbali imodzi. A Belmira anangoti, "Meu Deus, Mulungu wanga," n'kuyang'ana kumbali.

Kumjigo nkhani inali itafika kale. A Lucia, aneba awo a mpanda umodzi, ndi amene anayamba, paja iwowa pakamwa pawo sipagona ntchentche.

"Aneba, tamva kuti adokotala athu aja apeza ntchito yosesa chimbudzi cha agwape. Zoona?"

"Zoona. Nanga wanu uja akusesa chiyani? Bawo?"

Amayi onse anaseka mpaka wina anagwetsa ndowa, chifukwa mwana wa a Lucia, Langton, ndevu pepeya koma amagonera pabawo. A Lucia nawonso anaseka. Awiriwa amatukwanizana chotere chiyambire kale, madzulo n'kukabwerekana mchere.

Masabata aja atakwana, Orlanda anayambira kuseri kwa phiri. Ankachoka m'mawa, kubwera dzuwa litapita, nsapato zili mbuu ndi phulusa. Tsiku loyamba anangofikira kugona. Lachiwiri anadya pang'ono n'kusamba m'manja. Atamaliza mbali yonseyo anakhala pa mpando wa ndalema pafupi ndi bambo ake.

"Kuseri kuja kulibe kanthu, ababa. Mulu umodzi wa kalulu basi. Mitengo anadula, udzu unapsa, chithaphwi chija chinauma."

"Ndiye basi?"

"Kwatsala kumtsinje. Kuja ndinasesa mochedwa, ndiye ndidikire kaye pang'ono. Nakonso kukakhala chomwechi ndiyambe kulongedza."

A Belmira ankatsuka mbale kuseri kwa khitchini, koma makutu anali pakhonde. Mbale imodzi anaitsuka kawiri. Anayang'ana kumwamba, mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo, kutentha kwake kuja kwa Okutobala koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Kenako anayang'ana khola lawo la mbuzi. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

M'mawa mwake Orlanda anapita kuboma kukasaka netiweki yabwino. A Osorio anakwera njinga kupita kudimba. A Belmira anatenga fosholo n'kulowa pansi pa khola, pamene timagona tiana ta mbuzi. Anakokola ndowe zodzaza beseni, n'kukhala kuseri kwa nyumba ndi lichero pamwendo. Ankasankha ngati mmene amasankhira nyemba. Zazikulu kutaya, zophwanyika kutaya, zobulungira kwambiri kutaya. Ankasiya tating'ono tokhatokha, tosongoka, tofanana ndi ta m'kabotolo kaja.

"Aneba, nyemba zanji zakuda chonchi?"

A Lucia anali atatsamira mpanda, chibwano pamwamba pa udzu.

"Mbewu ya ku Tete."

"Ndiye mundigawireko ndikadzale."

"Siimera kwa anthu olongolola."

Koma a Lucia anali atazungulira kale, alowa pageti, aweramira palichero. Ananunkhiza kamodzi n'kuwongoka.

"Mbewu ya ku Tete imanunkha khola chonchi?"

A Belmira anaona kuti palibe kothawira. Anawakokera pansi ndi chitenje n'kuwauza zonse monong'ona. A Lucia anamvetsera maso ali tong'o, kenako anakhala bwino n'kuyamba kuthandiza kusankha.

"Iyi ayi, yakula. Gwape wake ndiye angakhale ng'ombe."

"Koma aneba, nkhaniyi ithere pano."

"Ine? Ndikauze ndani ine?"

Pofika madzulo msika wonse unali ukudziwa. Akabaza ankadziwa, ogulitsa usipa ankadziwa, amayi a kusikelo ya ana kuchipatala ankadziwa, pabawo ndiye musachite kufunsa. Chodabwitsa n'chakuti nkhaniyo inamulambalala mwini wake ngati madzi akapeza mwala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza Orlanda. Ena ankawamvera chisoni a Belmira. Ena ankangofuna aone kuti zithera pati.

A Belmira anakwera phiri mbandakucha, beseni pamutu, pamwamba atavundikira chitenje ngati munthu wokatola masuku. Njira ankaidziwa, zingwe zofiira zinkaoneka patali. Pa chingwe choyamba anatapa dzanja limodzi n'kumwaza. Ataona mmene zabalalikira mtima sunawalole. Paja mayi amenewa pabwalo pawo simungapeze ngakhale tsamba limodzi, tsache limagona litatopa. Anawerama n'kuzisonkhanitsa bwinobwino pakati penipeni pa chingwe, kamulu kooneka bwino. Anaona kuti kamodzi kachepa, anaikanso tina m'makona. Chingwe chachiwiri chimodzimodzi, chachitatu chimodzimodzi, kumangotsika ndi mtsinje.

Chomaliza chinali pansi pa mkuyu waukulu, pamene pamatsala kathawale ka madzi ngakhale chilimwe chivute bwanji. M'chingwe chimenecho anapezamo kale timilu ta ndowe, apa ndi apo. Anatiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Zochepa ngati ndiwo za pamaliro."

Anakhuthula zonse zotsala m'beseni pamwamba pake, n'kusakaniza ndi dzanja kuti zisaoneke zachilendo. Potsika anatola masuku pang'ono kuti beseni lisabwere lopanda kanthu. Masuku amenewo palibe anawadya.

Tsiku limene Orlanda anakawerenga kumtsinje anabwera akuimba. Anthu pamsika anamuona akudutsa, chipewa m'manja, akupereka moni ngakhale kwa agalu, ndiye aliyense anayang'ana pansi, wina n'kumakonza tomato wokonza kale. Atafika pakhomo anawanyamula amayi ake m'mwamba.

"Amama, alipo! Chingwe chilichonse muli milu! Sindinaonepo zotere!"

"Nditsitse iwe, undithyola msana."

Anapha nkhuku tsiku limenelo. A Belmira ankaseka nawo. Ankadziuza kuti palibe amene waberedwa, palibe amene wavulala, ndowe ndi ndowe. Mbuzi ndi gwape n'pachibale, ukaziyang'ana nkhope. A Osorio ankangodya osadzutsa mutu, chifukwa iwo anali atamva kale pabawo ndipo anasankha kukhala munthu wosamva.

Chimene a Belmira sankadziwa n'chakuti kuwerenga milu si mapeto a ntchito. Pa mulu uliwonse Orlanda ankatapako pang'ono n'kuika m'kapepala, kuti akaone chimene nyamazo zikudya chilimwe chikafika povuta. Ndiye masana a tsiku lotsatira anayala thumba pakhonde, anatenga lezala ndi galasi lokulitsa zinthu, n'kuyamba kuswa ndowe imodziimodzi. A Belmira ankapeta mpunga chapafupi pa lichero lina lobwereka. Anamva kuimba kuja kukuchepa. Kenako kunatheratu. Panangotsala kulira kwa lezala pathumba.

"Ababa."

"Ee, mama."

"Gwape amapita kuchigayo?"

A Osorio anali akupopa njinga. Anasiya pampu ili m'mwamba.

"A masiku ano mwina. Zinthu zinasintha."

"Chifukwa agwape angawa akudya madeya. Iyi madeya, iyi madeya, iyinso madeya. Ndipo uyu," ananyamula kanthu ndi nsonga ya lezala, "uyu anadya jumbo ya buluu."

Pakhomopo pali mbuzi imodzi imene aliyense amaidziwa, dzina lake Kamsika, chifukwa imadula chingwe n'kukadya majumbo kumsika, ndipo ana ake anatengera khalidwe lomwelo. Nthawi imeneyo inali itaima pafupi ndi nkhokwe ikubzikula, ikuwayang'ana onse atatu.

"Ine ndikaone kudimba kuja, madzi ndinasiya akuyenda," anatero a Osorio, n'kukankha njinga ya tayala limodzi lopanda mpweya mpaka kutuluka pageti.

Orlanda sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangotembenuka n'kuyang'ana amayi ake.

"N'chifukwa chake milu inali pakati penipeni ndi m'makona ngati mwayeza ndi rula. Ndinadabwa, koma ndinafuna kukhulupirira. Amama, m'zingwe zingati?"

A Belmira anapitiriza kupeta mpunga wopeta kale.

"Amama."

"Zonse za kumtsinje."

"Ndi pamkuyu pomwe?"

"Pamkuyu ndiye panali pomvetsa chisoni. Tinalipo tochepa, ndinangowonjezera."

Orlanda anatseka maso kanthawi. Kenako anafufuza pa timapepala take, anatsegula kamodzi, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi amayi ake, dzanja lili lotambasula. M'dzanjamo munali ndowe ziwiri zoswa pakati.

"Taonani. Iyi ndi ya mwana wa Kamsika, mukuona madeyawo. Iyi inayi mulibe madeya, muli masamba okhaokha ndi njere za nkhuyu. Iyi ndi ya gwape weniweni. Analipo, amama. Tochepa tija munatipeza tija tinali take."

A Belmira anaika lichero pansi. Pakamwa panathamanga.

"Ndiye lemba kuti alipo! Si ameneyo wamugwira m'dzanjayo?"

"Ndilembe kuti alipo angati? Mmodzi? Khumi? Ine ndimawerenga milu. Milu yake munaiphatikiza ndi yanu, m'zingwe zinamo sindikudziwa kuti munali kanthu kapena ayi musanafike. Zimene ndinawerenga dzulo ndi ntchito ya manja anu."

"Bwera nazo kuno ndikusankhire palichero. Ndinasankha kamodzi, ndisankhanso."

"Mungasankhe ndowe, koma simungabwezere mulu pamene unali."

"Filha, azungu akowo adzakwera ndege kudzanunkhiza?"

"Sadzabwera."

"Nanga?"

"Akakhulupirira zimene ndawerengazi adzanena kuti phiri la Thambani lili bwino, agwape ndi ambiri, nyengo sinawakhudze. Ena adzatenga mawuwo n'kuuza ena. Agwape adzatha ife tikunena kuti alipo. Ndipo dzina limene lidzakhale pamenepo ndi langa."

A Belmira atalankhula mawu anatuluka aang'ono.

"Ine agwape sindikuwadziwa. Ndikudziwa kuti ndinabereka awiri ndipo pakhomo pano ndimaphikira munthu mmodzi, wosayamika."

Orlanda anakhala pansi pafumbi pomwepo, phewa lake kukhudza la amayi ake. Anakhala choncho mpaka Kamsika anabwera kudzalowetsa mlomo mumpunga, onse awiri n'kuikuwira pamodzi.

"Ndiye kasesenso uyambirenso," anatero a Belmira.

"Ndikasesa mawa. Koma pafunika masabata, ndipo taonani kumwambako."

Anakasesadi, ndipo a Belmira anapita nawo ndi tsache lawo, kukachotsa ndi manja awo zimene anaika. Koma sabata isanathe mvula inagwa, yoyamba ija ya mphepo ndi fungo la dothi. Anthu onse anathamangira makasu, ana ankavina pabwalo. Mwina m'Thambani yense a Belmira okha ndi amene anaima pakhomo n'kuiyang'ana mvulayo ngati mlendo wobwera nthawi yolakwika. Zaka zonsezi imachedwa, chaka chimenecho inafulumira.

Orlanda anapita kuboma kukalankhula ndi akuluakulu ake. Atabwera amayi ake anamuchingamira pageti.

"Wanditchula?"

"Ndanena kuti m'zingwe munalowa ndowe za mbuzi, ndiye zowerenga za kumtsinje n'zotaya. Sanandifunse ngati mbuziyo imavala chitenje."

"Ndiye ati bwanji?"

"Ati ndibwerere, kuja chisanu chikuyamba, nyama zikudikira kuwerengedwa. Koma chifukwa cha ndowe ya pamkuyu ija andilola kudzayesanso chilimwe chamawa, kamodzi kokha. Zikadzakanika ndiye basi."

Anakwera pikiapu pamsika pomwe paja anatsikira. Nthawi imeneyi palibe anafunsa za mzungu. A Lucia anabwera ndi mtedza wokazinga m'jumbo, akupukuta m'maso, ngati si iwo amene ankati iyi yakula, iyi yachepa. Galimoto isananyamuke Orlanda anasuzumira n'kuwauza amayi ake zinthu zitatu. Zikhomo zisazulidwe. Mbuzi zisakwere kumtsinje. Iwonso asalowe m'zingwe.

Kuyambira pamenepo a Belmira anasanduka munthu wina. Kamsika anamugulitsa kwa wokazinga kanyenya. Mbuzi zotsala anazimanga ndi zingwe za nayiloni. Ana okadyetsa mbuzi akangoloza kumtsinje ankawathamangitsa ndi mtengo wa chinangwa. Munthu wina anazula chikhomo chimodzi kuti akakonzere khasu, iwo anamutsatira mpaka kwa Kanduku wapansi n'kukachitenga. Anakangana ndi owotcha makala, anakangana ndi a Lucia chifukwa cha tonde wawo, osalankhulana mpaka mchere unawathera. Pamsika anayamba kuwatchula kuti agadi a agwape. Iwo ankayankha kuti bola kulondera agwape kusiyana ndi kulondera amuna a eni.

Chilimwe chitafika Orlanda anabweradi, atayera ndi chisanu, akunena kuti kuja chaka chimenecho nyama zafa zambiri kuposa kale. Anasesa, anakulunga zingwe zatsopano, n'kuyamba kudikira. Amayi ake anawalola kutola nkhuni chakumunsi kokha.

M'mawa wina a Belmira ali ndi mtolo wawo wa nkhuni anafika chapatali ndi mkuyu uja. Anamva tswa. Anaima. Gwape anatuluka m'tchire, wotuwa, wamng'ono kuposa mmene ankaganizira, miyendo ngati timitengo ta machesi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pathawale, anamwa, anadzutsa mutu, makutu akugwedera. Pobwerera anadutsa m'mphepete mwa chingwe chofiira, anaima, anachita zake, n'kudumphira m'tchire.

A Belmira anatula nkhuni n'kusendera. Kamulu kanali pamenepo, katsopano, konyezimira, kopanda madeya. Koma kanali kunja kwa chingwe. Kunja pang'ono chabe, mpata wake chikhatho chimodzi osakwana. Anayang'ana kumbuyo, kunalibe munthu. Chala chachikulu cha kuphazi chinayamba kuyabwa. Kungokankha kamodzi, mulu walowa, ndipo si wabodza ayi, ndi wa gwape weniweni, amuona ndi maso awo. Anaima pamenepo mpaka dzuwa linawapeza. Kenako anabweza phazi, anasenza nkhuni zawo, n'kutsika akung'ung'udza njira yonse.

Madzulo akudya anati, "Ndamuona gwape wako. Chitsiru cha nyama. Chingwe chili apa, iye wachita apa."

Orlanda anasiya kutafuna.

"Ndiye munatani?"

"Ndinasiya. Ukapita ukaupeza pomwepo, kunja."

Orlanda anawayang'ana, n'kuwaikira chiwindi cha nkhuku m'mbale mwawo. A Lucia atamva anati iwo akanangokankha ndi phazi. A Belmira anawayankha kuti iwo sangamvetse, mwana wawo ali pabawo, palibe dziko limene likumulimbirana.

Nthawi yowerenga itakwana milu inapezeka. Inali yochepa, yobalalika, ina m'mphepete, zingwe zina zopanda kanthu, ndipo yambiri inali kufupi ndi madzi. Orlanda anaswa ndowe pakhonde tsiku lonse, madeya sanapezeke. A ku yunivesite anati agwapewo ndi ochepa kuti munthu akhalire chaka chathunthu, koma ndi okwanira kuwatsatira chilimwe chilichonse, aone ngati akutha kapena akubwerera. Ndiye zinatha chonchi: chilimwe Orlanda amakhala kuno, mvula ikayamba amapita kuchisanu.

A Belmira amati agwape anawapatsa theka la mwana, ndipo theka limenelo amalidyetsa mpaka nsapato za usilikali zija zimathina. Zakuti chaka chija akanapanda kukwera phiri ndi beseni mwina zikanatha mwamtundu wina, palibe amene akudziwa, ndipo iwo safuna kuzimva. Ukangoyamba amakutuma madzi.

Lichero lija lilipobe, analipachika kuseri kwa khitchini. Analitsuka ndi phulusa, analiyanika padzuwa, koma a Osorio akaona mpunga patebulo amayamba afunsa kaye kuti waupetera pati.